Chinkhoswe cha Joel ndi Tonde wa Che Halidi

"Iwe Joel, usamasunge zinthu zako m'mutu mwa makina. Mutu wa makina uli ndi chipinda chimodzi chokha, ndipo amene wagonamo pomaliza ndi amene amadzuka nawo."

Anamuuza choncho Latifa, mwana wa che Halidi, amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kake pa Mbulumbuzi. Anamuuza masana, anthu akumva, osati mobisa ayi. Koma ana a masiku ano ukamawachenjeza maso amakhala kwina. Joel anangoseka, n'kukhala pabenchi, n'kuyamba kusenda nzimbe ndi mano, zomwenso n'zoopsa, poti mano sameranso kawiri.

Joel ameneyu ndi wa kwa Mpama, mnyamata wa masipika. Kukakhala ukwati, maliro, msonkhano wa mpingo kapena malonda ofuna kukuwa, amaitana iye. Ali ndi masipika aatali ngati zitseko, jenereta yotsokomola, ndi laputopu imene batire yake inafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayonso imakomoka. Mu laputopumo Latifa anamuikira pulogalamu yolemba yekha, yomwe imauza makina zochita: nyimbo zichokere pati, mawu akwere kufika pati, sipika iti ilankhule, nyimbo ikatha ibwereze kapena ipite kutsogolo. Zimenezi anyamata amati masetingi. Pamaliro masetingi ake ena, paukwati ena, pamsika ena, ndipo munthu wanzeru sasakaniza.

"Chochitika chilichonse chikhale ndi fayilo yake pa fulashi," anapitiriza Latifa, atanyamula kachitsulo kakang'ono ngati chala cha mwana. "Makina akadzuka amayamba ayang'ana pa fulashi. Akapezapo fayilo, atsatira imeneyo. Akapanda kupeza, atenga zimene unasunga m'mutu mwawo pomaliza. Ndiye sankha kalembedwe kamene ukufuna, ndikuphunzitse."

"Kalembedwe kalinso kambiri? Chemwali, ine ndinathawa sukulu chifukwa cha zomwezi."

"Unathawa chifukwa cha masamu, tinali limodzi. Ona apa."

Anamutembenuzira sikirini. Woyamba ati INI.

"Uyu ali ngati tomato wa pamsika. Mulu uliwonse pamalo pake, dzina uku, chinthu uku. Mawu: pakati. Kubwereza: ayi. Ngakhale munthu wosadziwa kompyuta atamuwerengera amva. Vuto lake, ndi mphasa, si dengu. Zinthu zikachuluka n'kuyamba kulowana, sanyamula."

"Ine ndioneke ngati wogulitsa tomato? Wina."

Wachiwiri ati JSON, koma pakamwa amatchula kuti Jesoni, ngati mwana wa eni.

"Uyu ndi mitolo m'kati mwa mitolo, uliwonse womanga mutu ndi mchira. Makina amamukonda kwambiri. Koma ukaiwala mfundo imodzi, katundu yense wamwazika pamsewu. Ndiponso salola kuti usiyemo mawu okukumbutsa chifukwa chimene unachitira zakutizakuti."

"Wosalola munthu kulankhula? Ameneyo ndi malume ake a Nester wanga. Wina."

Latifa anaseka mpaka kugwira tebulo. Wachitatu ati YAML.

"Uyu ndi mizere ya m'munda. Wooneka bwino, ndipo amalola kusiyamo mawu. Koma mzere ukangopotoka pang'ono, nandolo amapezeka ali m'phando la chimanga, iwe osadziwa."

"Nanga zija mumati kumitambo?"

"Kumeneko ndi kusungitsa mbewu kwa achibale a ku Lilongwe. Anankafumbwe safikako, ndi zoona. Koma tsiku la mvula yobzalira ukazitenga bwanji? Kwanu kwa Mpama netiweki mumaipeza mutakwera pachulu."

Joel analavula makoko a nzimbe, n'kupukuta manja pa buluku.

"Wamva njira yanga? Batani limodzi: sunga. Basi. Zopanda tomato, zopanda Jesoni. Makinawa ndi anga, amandidziwa."

Makina sadziwa munthu. Galu amadziwa munthu, ng'ombe imadziwa munthu, koma chinthu chodya magetsi chilibe chibale. Latifa anangoti, "Chabwino, bwana," n'kupachikanso fulashi ija pa makiyi ake.

Tsono masiku amenewo Joel anali ndi nkhani yaikulu pamtima. Ankafuna kukwatira Nester wa ku Magomero, mnzake wa Latifa yemweyo, mtsikana woseka ndi thupi lonse. Nester anali atalola, amayi ake atalola. Amene ankavuta anali a Timoti, malume ake, eni mbumba, munthu wowerenga mawu asanawatulutse. Tsiku limene ankhoswe a Joel anakagogoda, a Timoti anafunsa ntchito ya mnyamatayo, ndipo atamva anati:

"Ndiye kuti mwana wa mlongo wanga azidya phokoso?"

Pomaliza analola kuti chinkhoswe chichitike, koma anasiya mawu: "Msoti ndiubweretsa. Koma ndikangoona chibwana tsiku limenelo, ubwerera m'khola."

Aliyense akudziwa kuti pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo nkhuku zikapanda kusinthana manja palibe ukwati, kwatsala kudya ndi kubalalika. Choncho Joel anatsimikiza mtima kuti a Timoti aone ndi maso awo kuti masipika ndi ntchito ya anthu aulemu. Zoimba za pachinkhoswe chake adzakonza yekha, mwadongosolo, nyimbo iliyonse panthawi yake, mawu osaboola khutu la munthu wamkulu.

M'sabata yomweyo ya chinkhoswe, che Halidi anamupatsa ganyu. Anali atagula tonde wamkulu cha ku Mikolongwe, wa mutu wofiira, wotalika ngati mwana wa ng'ombe, ndipo ankafuna kuti midzi yonse imve, anthu abweretse mbuzi zawo zazikazi. Joel anajambula mawu ake omwe, n'kukweza masipika pa pikapu, n'kuyamba kuzungulira. Koma misewu yathu mukuidziwa. Galimoto ikangogwa m'dzenje, waya umasuntha, laputopu yazima. Akayatsa, n'kuyambanso kukonza. Dzenje lina, yazimanso. Mabatani nawonso ankadinika okha ndi kugwedezeka. Atatopa, Joel anaima pansi pa mtengo wa mango, n'kukonza zonse bwinobwino: makina akadzuka ayambe okha, mawu akwere mpaka kumapeto, masipika onse alankhule, zikatha zibwereze, mabatani akhale okiya. Atatero anadina batani lake lija. Kuyambira pamenepo ntchito inayenda ngati madzi. Anasangalala kwambiri, mpaka anaimbira Latifa foni kuti amuseke. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka linafika. Ku Magomero kunadzaza anthu, akuchikazi mbali iyi, akuchimuna mbali iyo, mipando ya kutchalitchi itayalidwa pansi pa tenti. Joel anafika m'mamawa, nsapato zonyezimira, n'kukonza makina mofatsa ngati namwino. Nyimbo zolandirira alendo, nyimbo zotulutsira mkwati, nyimbo za nkhuku, zonse m'ndondomeko. Mawu anaika pakati, ndipo sipika yoyang'ana mpando wa a Timoti anaitsitsa kwambiri.

Chala chake chinafika pa batani losungira, n'kuima. Chipinda ndi chimodzi. Akasunga za chinkhoswe, za tonde zifufutika, pomwe Lolemba ankayenera kupitiriza kuzungulira cha ku Namadzi, ndipo kukonza zija kunamutulutsa thukuta. Anayang'ana jenereta. Mafuta anali odzaza.

"Ingoyaka lero lokha, mayi," anaiuza jenereta, n'kuisisita. Sanasunge.

Latifa anadutsa pomwepo atanyamula chitenje, akupita m'nyumba kumene kunali mkwatibwi ndi anzake.

"Fulashi waika?"

"Chemwali, lero ndi tsiku lachimwemwe. Za Jesoni mawa."

"Ndinakuuza ine."

"Unandiuza, ndinamva, zikomo. Kafunde chitenje uko."

Anasiya makina m'manja mwa Calvin, mkulu wake, munthu wabwino koma amene ngakhale wailesi amaitsegula ndi mantha. Ntchito yake inali imodzi: kudina batani lopititsa nyimbo kutsogolo mwambo ukasuntha.

Zinayamba bwino, abale. Nyimbo zinkatuluka zofewa ngati mafuta. Azimayi analulutira. A Timoti anakhala pampando wawo, jekete lakuda, manja pa ndodo, dengu la msoti pafupi ndi phazi lawo. Anapendeketsa mutu kumvetsera sipika ija, ndipo nkhope yawo, ngakhale sinaseke, inasiya kukwinya.

Inafika nthawi yotulutsa mkwati. Mwambo wake ndi uwu: mkwati ndi anzake amafundidwa zitenje kumutu mpaka m'mawondo, amawakhazika pamzere, ndipo akuchikazi amabwera kudzafufuza kuti wawo ndi uti. Wofundidwa salankhula, sagwedezeka, sadzivundukula. Kudzivundukula ndi kunyoza eni mudzi. Joel anakhala pamzerepo ndi anzake, mkati mwa chitenje mukutentha, akungoona zala za mapazi a anthu.

Kuseri kwa nyumba, a Nabanda, azakhali a Nester, anaona kuti diresi la mkwatibwi lakwinyika pamsana. Simbi yamakala inali itazizira. Anaona waya ukuchokera ku jenereta, n'kutenga simbi yamagetsi yobwereka, n'kulumikiza. Waya wa eni sulumikizidwa usanafunse, koma tsiku laukwati aliyense amakhala mwini zinthu.

Jenereta inatsokomola. Inatsokomolanso. Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Calvin anathamanga, a Nabanda anazula simbi yawo n'kubisa kumbuyo, jenereta n'kubwerera m'mawu ake.

Mkati mwa chitenje, Joel anamva kakulira kaja kamene laputopu imalira ikamadzuka. Anthu ena onse sanadziwe kanthu. Iye yekha anadziwa amene anagona m'chipinda chija pomaliza. Thukuta linatsika m'msana mpaka m'lamba.

Masipika onse anatsegula kukamwa nthawi imodzi, ndi ija yoyang'ana a Timoti yomwe. Mawu anali a Joel mwini wake, okondwa, okuwa moti nkhunda zinauluka padenga:

"Amayi ndi abambo, tonde wafika! Tonde uja mumamudikira wafika! Wamkulu, wonenepa, miyendo yolimba, mano onse alipo! Sadwaladwala! Sasankha zakudya, chilichonse amadya, ngakhale makoko! Satopa! Fungo lokha mupirire, poti tonde wabwino azinunkha! Bwerani nazo zazikazi zanu, chaka chamawa khola lidzaza ndi mapasa!"

Anthu anayang'anana. Ngakhale mwana amene ankalira analeka.

Kenaka zinabwereza. "Amayi ndi abambo, tonde wafika!"

Woyamba kugonja anali mayi wina wa kuchikazi, amene anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Zitatero tenti yonse inaphulika. Azimayi anagwerana. Abusa anavula magalasi n'kumapukuta misozi. Achinyamata anayamba kuvina motsatira mawuwo. Che Halidi, amene anabwera ngati mlendo, anaimirira n'kumauza oyandikana nawo kuti, "Ndi wanga ameneyo! Ayi, sindikunena mnyamatayo, ndikunena mbuzi!" Calvin ankadina batani lililonse ndi zala zonse, koma mabatani anali okiya.

Joel anafuna kudumpha. Makina anali pafupi, akanangotaya chitenje n'kuthamanga, akanazimitsa zonse. Koma kutaya chitenje ndiye chibwana chenicheni, pamaso pa eni mbumba. Kukhala, tonde apitirira. Anayang'ana pansi, n'kuona nsonga ya ndodo ya a Timoti ikugunda dothi, ikubwera. Anakumbukira Nester m'nyumbamo, amene mosakayika ankamva zonse. Anagwira mawondo ake, n'kukhala.

Calvin anagwira waya kuti azule.

"Siyani!" anatero a Timoti. "Musazimitse. Malonda akanenedwa, wogula amve bwino."

Anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mzere wa ofundidwa aja. Ntchito yofufuza mkwati inali ya azimayi, koma palibe anawaletsa. Anaima pa woyamba, n'kumugogoda mwendo ndi ndodo.

"Ati miyendo yolimba. Iyi ndi mapesi. Si uyu."

Anthu anakuwa. Anafika pa wachiwiri, n'kuwerama, n'kununkhiza.

"Uyu akununkhira sopo. Si uyu."

Wachiwiriyo anagwedezeka ndi kuseka mpaka chitenje chinatsetsereka. A Timoti anafika pa Joel. Anaima nthawi yaitali. Masipika anali pa mawu akuti sasankha zakudya. Chitenje chinali chitanyowa pamsana, koma sichinkasuntha ngakhale pang'ono.

"Anzakewa akuseka," anatero a Timoti, akuyang'ana anthu. "Uyu yekha sakuseka. A Nabanda, tabwerani muvundukule, tione ngati mano onse alipo."

A Nabanda anabwera akuvina, chikumbumtima cha simbi atachisiya kuseri, n'kukoka chitenje. Joel anatulukira, nkhope ngati wagwa m'chitsime.

"Tayasamulani, bambo," anatero a Timoti.

Joel anayang'ana a Timoti, n'kuona kuti ndevu zawo zikunjenjemera ndi kuseka kobisa. Anayasamula. Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Ndipamene Latifa anatuluka m'nyumba, chitenje chili paphewa, misozi ya kuseka ili m'masaya. Anali atalemba timizere tingapo pa foni yake, n'kutisamutsira pa fulashi ya pamakiyi ija. Anaibaya pa laputopu, n'kuzimitsa, n'kuyatsa. Makina anadzuka, anayang'ana pa fulashi, ndipo nyimbo yofewa inabwerera.

"Ndakulembera wa tomato," Latifa anamunong'oneza Joel podutsa. "Nester akuti ndikuuze kuti fungo apirira."

Atatulutsa mkwatibwi, akuchimuna anamupeza mosavuta, chifukwa chitenje chake ndicho chinkagwedezeka koposa onse. Inafika nthawi ya nkhuku. Ankhoswe a Joel anaimirira ndi tambala. A Timoti anakhala pansi osagwira dengu. Joel anayang'anitsitsa dengulo.

"Chibwana ndachiona," anayamba a Timoti. "Chachikulu ndithu, sindinaonepo chotere chibadwire. Koma ndaonanso munthu manyazi akumuwotcha ngati moto, makina ake ali pafupi, iye n'kukhala pansi pa chitenje chathu mpaka eni ake tamuvundukula. Mudzi uno uli ndi alamu olusa pakamwa. Amene wapirira lero apiriranso mawa."

Anawerama, n'kutsegula dengu, n'kutulutsa msoti woyera.

"Ndiponso pamudzi pano takhala tikulandira akamwini ambiri. Onse amabwera ndi mabodza. Uyu yekha ndi amene wanena poyera kuti amadya chilichonse. Landirani nkhuku."

Nkhuku zinasinthana manja. Kunavinidwa mpaka fumbi linakwera pamwamba pa tenti. A Timoti nawonso anaimirira, n'kuponya mwendo kawiri, ndodo ili m'mwamba, kenaka n'kukhala pansi msangamsanga ngati sanachite kanthu. Che Halidi anapeza makasitomala ambiri tsiku limenelo kuposa masiku onse a pikapu.

Koma musaganize kuti zinathera pomwepo. Mawu akatuluka pa masipika aatali ngati zitseko sabwerera. Midzi yoyandikana, kumene anthu sankadziwa za chinkhoswe, anangomva kuti tonde wafika, ndipo mawuwo akuchokera kwa a Timoti.

M'mawa mwake Joel anabwera kudzatenga katundu wake. Atakhota pa njira yolowera m'mudzi, anapeza pabwalo la apongozi ake pali azimayi ndi azibambo achilendo atakhala pamthunzi, aliyense chingwe m'manja, kumapeto kwa chingwe mbuzi yaikazi. Zina zinkadya maluwa a tenti. Imodzi inali itayamba kutafuna waya wa sipika. Gogo wina wochokera kutali, amene anayenda ndi mbuzi yake kuchokera mbandakucha, ankafunsa mokwiya kuti tondeyo ali kuti, poti anthu sangamangodikira.

Ana a m'mudzimo anamuona Joel akubwera, n'kuthamanga kukamuchingamira akukuwa. A Timoti anali pakhonde akumwa tiyi. Anaika kapu pansi, n'kuloza ndi ndodo.

"Pepani podikira, anthuni. Si uyo akubwera apoyo."

Tsiku limenelo Joel sananyamule masipika. Anayenda wapansi kutsogolo, gulu la mbuzi ndi eni ake pambuyo, kuwaperekeza mpaka kukhola la che Halidi, Nester ataima pachitseko akuseka mpaka kukhala pansi. Ndipo ku Magomero mpaka lero mukafunsa za Joel, anthu amayang'anana. Muzifunsa kuti kwa a Tonde ndi kuti. Ngakhale abusa amatero.